Geni ya mphutsi zodyetsa nkhuku, mmene ikuyendera kuno ku Lunzu

10 Malichi 2024

Ndaganiza zoti ndizilemba mmene ntchitoyi ikuyendera, choyamba kuti ndisamasokoneze madeti, komanso pali anzanga oweta nkhuku omwe akumandifunsa kuti kodi zamphutsi zija zili pati. Nde ndiyambire poyambira. Ndili ndi nkhuku 64, zambiri ndi za Mikolongwe, zina zachikuda zomwe anandipatsa apongozi. Zinkayenda bwinobwino mpaka mu Novembala muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti, kuchoka pamenepo thumba la fidi ukaligula lero sabata ya mawa ukalipeza lakweranso, ndinasiya kugula nkuyamba kusakaniza ndekha, madeya, soya wokazinga, laimu, mchere ndi fumbi la usipa lija timagula pa chidebe ku Limbe, koma nazonso soya ndi usipa ndi zomwe zikumaliza ndalama, pajatu izi ndi ndiwo za anthu, nkhuku ikulimbirana mbale imodzi ndi mwana wako.

Ndinaona kanema pa YouTube wa alimi a ku Kenya akudyetsa nkhuku ndi nkhumba mphutsi zomwe akuweta okha kuseri kwa nyumba. Ku Nairobi kuli bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, akhala akuphunzitsa alimi zimenezi kwa zaka ndithu, ndipo ku Kenya ndi ku Uganda kuyambira 2017 mphutsi zouma ndi zololedwa kulowa mu fidi. Ntchentche yake pachingerezi amati black soldier fly, ambiri amangoti BSF, ine ndizingoti ntchentche yakuda.

Siyofanana ndi ya kuchimbudzi ija ayi. Ndi yakuda bii, yaitali ngati mavu, pafupifupi masentimita awiri, kumapazi ndi koyera, cha m'chiuno ili ndi timawindo tiwiri towala. Siluma, sitera pa nsima, ikakula imangomwa timadzi basi, imakhala sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, ntchito yake kukwerana ndi kuikira. Kudya kwake konse imadyeratu ikadali mphutsi, ndipo mphutsiyo ukaiumitsa puloteni yake imafika cha m'ma 40 peresenti, kulingana ndi soya, mafuta nawo ndi ambiri. Chomwe chandikopa kwambiri nchoti mbewu yake sufunika kuitanitsa kunja, ntchentchezi zilipo kale m'madzala mwathumu, timangoziona ngati mavu nkuzigwaza.

Lero ndatchera. Ndowa ziwiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola, mkati madeya onyowetsa omwe ndinawasiya masiku atatu kuti asase, mapeyala owola, makoko a nthochi ndi masese pang'ono. Pamwamba ndapachika tizidutswa ta katoni tomanga ndi mphira, mabowo kuyang'ana pansi, chifukwa yaikazi siikira pa chakudya penipeni, imafuna kamng'alu kouma pafupi ndi fungo kuti ana akaswa angogwera. Mayi a kunyumba angoti bola zisafike kukhitchini, ndawalonjeza.

24 Malichi

Sabata yoyamba kunabwera ntchentche wamba zokhazokha ndi zobiriwira zija za pa nyama, fungo nalo linadumpha mpanda. Amayi oyandikana nafe anabwera mwaulemu ndithu, akuti achimwene, kodi kwafa galu kuseriko? Ndinawatenga kukawaonetsa ndowa, ndinawafotokozera, anangoti tamva koma muganizireko ana amasewera apa. Ananena zoona. Vuto linali langa, madzi ndinathira ambiri komanso ndinaponyamo mitu ya nsomba poganiza kuti fungo lamphamvu ndi lomwe likoke msanga. Ndinakwirira zonsezo nkuyambiranso ndi madeya osasa ndi zipatso zokha. Fungo la zimenezi ndi lowawasa ngati thobwa logonetsa, munthu silimusowetsa mtendere.

Lachitatu cha m'ma 11 dzuwa litakwera ndipomwe ndinaiona. Imodzi yokha, itatera pamlomo wa ndowa, ikuyenda pang'onopang'ono uku ikugwedeza tinyanga take, kenako inatembenuka nkutulutsa kamchira kowonda ngati singano, nkukalowetsa m'bowo la katoni, nkukhala phee mwina mphindi khumi. Ine ndinali pa njerwa pomwepo osagwedezeka kuopa kuithawitsa. Itachoka ndinatenga katoniyo kukayang'ana padzuwa, timazira toyera mwachikasu titadzaza bowo, tating'ono ngati nyenyeswa za mgaiwa koma totalikirapo, toyalana bwinobwino ngati wachita kusanja munthu. Yaikazi imodzi imaikira mazira 500 mpaka 900 kamodzi nkamodzi, ikatero yamaliza zake imafa. Pofika lero mabowo 11 adzaza, ndipo oyamba aja aswa kale, amatenga masiku anayi.

Dzulo apulezidenti a Lazarus Chakwera alengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Zimenezi zikundikhudza ine mwachindunji. Chimanga chikavuta anthu sasiyanso madeya pa chigayo, amanyamula kukasakaniza ndi ufa, ndipo akulondola. Nde geni iyi sindingaimange pa madeya, ndikuyenera kupeza zinthu zomwe munthu sangadye.

14 Epulo

Masiku asanu oyamba sumaona kanthu kwenikweni, umangoona pamwamba pa madeya pakunyezimira ngati fumbi loyenda. Kenako zimangoti mwadzidzidzi zakula. Ndinazigawa m'mabeseni anayi a pulasitiki, ndipo chinthu chomwe palibe kanema angakuuze ndi ichi, ukapisa dzanja m'beseni mumakhala motentha ngati mu phala, kutentha kwa mphutsi zomwezo, ndipo usiku kukakhala zii umazimva zikudya, kaphokoso ngati mvula yowaza pa denga la udzu. Ndinaika peyala lathunthu logawa pakati cha m'ma 4 madzulo, pokagona ndinapeza khungu lokha lopyapyala ndi nthangala yake itayera mbee.

Zomwe zikudya bwino: mapeyala, papaya, tomato, nthochi, mkute, mpunga wotsala, masese. Masese ndiye nambala wani, zimanenepa nawo msanga. Zomwe sizikufuna: makoko a chimanga, utuchi, udzu, zotafuna za nzimbe, izi zimangotsala mmene unaziikira. Makoko a malalanje zimadya mokakamizika. Kabichi ndi masamba olimba ndikumasinja kaye mu mtondo wakale, chifukwa mphutsi ilibe mano oti ingang'ambe tsamba lathunthu, imafuna zofewa.

Za madzi ndaphunzira movutikira. Tsiku lina ndinapeza tomato wophwanyika wambiri, ndinangokhuthulira yense m'beseni imodzi, usiku zinasanduka msuzi, mmawa ndinapeza mphutsi zili mbwee pansi zathawa, m'mbali mwa beseni mukanyowa zimakwera mosavuta. Theka linatha ndi nkhuku za eni ake ndi nyerere. Pano ndikumafinya chakudyacho m'dzanja, kukatuluka madontho awiri atatu nde zili bho, madzi akachita kuyenderera ndimawazamo madeya ouma pang'ono, chikamayoyoka ndiye kuti chauma kwambiri.

Dzana ndakolola koyamba, ndinasefa ndi sefa ya mchenga, pa sikelo makilo 2.3. Ndinatapa dzanja limodzi nkuponya m'khola. Poyamba zinaima kuyang'ana chammbali, tambala ndi amene anatola imodzi, nkuigwetsa, nkuyamba kuitana zazikazi kuja amachita akapeza chiwala, kuchoka pamenepo kunali kuthamangitsana fumbi kobo, ngakhale zija zimakhala pakona zofooka zinatuluka. Mwana wanga wamkulu anali pa waya akuwerenga kuti iyi yadya zingati. Usiku umenewo ndinachedwa kugona ndi chimwemwe.

5 Meyi

Izi ndalemba ndi mtima wowawa, koma ndilembe kuti wina asadzabwerezenso.

Mphutsi ikakhwima imasiya kudya, imada, imatuluka yokha m'chakudya kufuna pouma pobisala, kenako imauma gwa osagwedezeka, pakatha masabata awiri ntchentche imaboola nkutuluka. Zakudazo ndi zomwe ndikuzitcha mbewu. Ndinazitola pafupifupi 400, ndinaziika mu beseni ya utuchi wouma, nkumanga kakhola ka nsungwi kotalika kufika pachifuwa kuti ntchentche zikatuluka zizikwerana ndi kuikira momwemo, ndisamadalirenso za kutchire. Pofuna chophimbira ndinatenga neti ya udzudzu yomwe inali mu sutikesi. Ndinaichapa kawiri ndi sopo, ndinaiyanika, ndinati basi mankhwala atha.

Lachinayi zinayamba kutuluka, zokongola, mapiko akadali opindika zikuwawongola pa neti. Lachisanu mmawa ndinapeza zili pansi chagada miyendo ikunjenjemera, zina zafa kale. Zomwe zinatuluka Loweruka nazo chimodzimodzi. Maneti a masiku anowa mankhwala ake amapangidwa kuti apirire kuchapa ka 20, nde kawiri kanga sikanachotse kanthu, ndipo ntchentche yakuda imakhala tsiku lonse itatera pa neti, ndiye kuti ndinaziika ndekha pa poizoni. Ndinakhala pansi pomwepo kwa nthawi osayankhula. Miyezi iwiri ya kutchera ndi kudikira.

Neti ija yabwerera ku bedi la ana komwe imayenera kukhala. Ndagula nsalu ya ukonde yopanda mankhwala ku Limbe, atelala andisokera ngati bokosi ndi zipi kutsogolo, nsungwi zakale ndatentha ndadula zina. Mwayi wake m'mabeseni awiri munali mphutsi zomwe zinali zisanade, ndi zomwe ndayambiranso nazo.

26 Meyi

Khola latsopano lagwira. Cha m'ma 10 dzuwa likalowa bwino zimayamba kuuluka, yaimuna imaigwira yaikazi m'mwamba nkutera limodzi zitalumikizana kumbuyo, iyi kuyang'ana uku inayo uko. Pakatha masiku awiri mazira. Mkati ndaikamo mbale ya madzi yokhala ndi kansalu kuti zizimwa osamira, kabakete ka madeya osasa kophimba ndi ukonde kongopereka fungo, ndi timatabwa topyapyala tomanga pamodzi m'malo mwa katoni, chifukwa katoni imanyowa nkuchita nkhungu, pomwe thabwa umangomasula nkupala mazira ndi kampeni. Ndagula kasikelo kakang'ono ka magalamu. Sabata ino mazira akwana magalamu 4, ndipo mu galamu imodzi mumakhala mazira oposa 30,000.

7 Julayi

Mwezi wathawu wandiphunzitsa chinthu chomwe ndikuona kuti ndi mtima wa geni yonseyi.

Kumayambiriro kwa Juni zinthu zinali bwino kwambiri, mabeseni 12, nkhuku zikudya mphutsi tsiku ndi tsiku, soya ndinasiyiratu kugula. Ndinatengeka nazo. Beseni ikangokhwima ndimasefa yonse kupita kukhola, mbewu ndimangosiya timanja tiwiri poganiza kuti ntchentche zilipo kale zambiri mu neti. Kenako kunabwera chiperoni. Kuno ku Lunzu nkotenthako kuyerekeza ndi ku Limbe kapena ku Bangwe, koma masiku anayi otsatizana dzuwa silinaoneke, kamvula kowaza ndi mphepo, mmawa kachipangizo koyezera kutentha kamaonetsa 13. Ntchentchezi zimafuna 25 mpaka 30 komanso kuwala kwa dzuwa kuti zikwerane. Zinangokhala phee pa neti ngati zomata, sabata inatha, zinafa ndi ukalamba osaikira. Timatabwa ndimamasula mmawa uliwonse, mulibe kanthu. Za kutchire nazo zinasowa, ndowa ya pansi pa mango inakhala masabata awiri osaterapo ndi imodzi yomwe. Mbewu yomwe inali mu utuchi inachedwa kutuluka, ndipo mphutsi zomwe zimakhwima masabata awiri zinatenga mwezi wathunthu.

Nde ndinapezeka ndili ndi mabeseni opanda kanthu, zinyalala zilipo, nkhuku zazolowera, koma mazira a ntchentche palibe. Apa mpomwe ndinazindikira kuti ine ndimadziyesa woweta mphutsi pomwe ntchito yeniyeni ndi kuweta ntchentche. Mphutsi sizivuta, aliyense amene ali ndi beseni ndi zowola akhoza kuzinenepetsa. Koma kukhala ndi mazira sabata iliyonse chaka chonse, Juni ndi Julayi yemwe, pamenepo mpomwe pali geni, ndipo ndi mbali yomwe makanema ambiri amangodutsapo mwachangu, amakuonetsa mulu wa mphutsi ndi nkhuku zikudya basi. Agogo anga ankapachika chimanga cha mbewu pamwamba pa moto, njala ivute bwanji sichimatsitsidwa. Ine ndinatsitsa.

Zomwe ndachita: nkhuku ndaziimitsa mphutsi masabata atatu, zabwerera pa soya ngakhale wandipweteka m'thumba, mphutsi zonse zotsala ndazisiya kuti zide. Khola la neti ndalisamutsira ku khoma loyang'ana kumpoto, nthawi yozizira dzuwa limadutsira mbali imeneyo nde khomalo limasunga kutentha mpaka madzulo, ndalikuta ndi pulasitiki yoonekera mkati ija ya girinihausi nkusiya kampata pamwamba. Masana mkatimo mukumafika 28 ngakhale kunja kuli kamphepo. Mabeseni ndalowetsa mu kitchini yakale ya panja, ndawasanjikiza pa shelefu nkuphimba ndi masaka, komanso ndaphatikiza mphutsi za mabeseni awiri mu imodzi, zikachuluka zimafunditsana zokha. Lamulo langa kuyambira pano, pa makilo 10 aliwonse kilo imodzi ndi ya mbewu, ndipo ndizichotsa imeneyo kaye nkhuku zisanalawe. Dzulo ndapala magalamu 1.5, oyamba chichokereni pakati pa Juni.

18 Ogasiti

Mazira abwerera pa magalamu 5 kapena 6 pa sabata. Mwezi uno nkhondo yake ndi ya adani. Linthumbwi linalowa usiku umodzi nkumaliza beseni ya tiana ta masiku atatu, nde miyendo yonse ya shelefu ndi ya khola yaima mu zitini za madzi othira oilo wakutha pang'ono, ndipo palibe chomwe chikukhudza khoma. Makoswe amakonda mbewu ya mu utuchi, ndaika waya wa sefa pamwamba. Abuluzi ndi akangaude mu neti ndimachotsa mmawa uliwonse.

China chomwe chinandidabwitsa, beseni ziwiri zinafa mwakachetechete popanda chifukwa chooneka, mphutsi zitawongoka zafewa. Nditafufuza ndinapeza kuti madeya a tsiku limenelo anachokera ku chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, pajatu fumbi la mankhwala limakhala pa khungu la chimanga ndipo khungulo ndi lomwe limasanduka madeya. Pano madeya achilendo ndimayesa kaye, kachitini kamodzi ndi mphutsi 20, zikagona usiku zili moyo ndiye ndithire m'mabeseni. Tomato ndi kabichi wa kumsika naye ndikumamutsuka akaoneka kuti ali ndi mankhwala.

13 Okutobala

Kwatentha ndipo ntchentche zikuikira ngati misala, magalamu 15 sabata yatha, mpaka ena ndagawira mnzanga wa ku Chileka kuti ayambe. Vuto latembenuka, pano mazira alipo ambiri koma chakudya chake nchomwe chikuperewera. Mabeseni 30 amafuna zowola zosachepera makilo 40 pa tsiku ndipo za pakhomo sizikwana ngakhale kilo zitatu.

Ndagwirizana ndi amayi anayi ogulitsa tomato ndi zipatso pamsika, ndawasiyira zidebe, madzulo mnyamata wa kabaza amakatenga. Poyamba ankandipatsa ulere, ankati mwatithandiza achimwene zimatinunkhira pabenchi, koma oweta nkhumba nawonso amafuna zomwezo nde pano ndimawapatsa kangachepe kapena mazira a nkhuku pa sabata, ndipo ndikuona kuti nchilungamo, akuchita kundisankhira osaponyamo mapepala. Chifukwa zikabwera zosasankha ntchito yake ndi yotopetsa zedi, majumbo, tizitsekero ta mabotolo, mabatire, zonsezo kuchotsa ndi manja. Masese ndikutenga kwa amayi ena ofulula mowa kumudzi kuseri kwa njanji. Ndikawerengera bwinobwino ndalama yaikulu mu geniyi ikupita kwa wakabaza, osati ku china chilichonse, nde amene akufuna kuyamba aone kaye kuti zowola azizitenga kuti komanso mtunda wake, asanagule beseni ndi imodzi yomwe. Zitosi za nkhuku mphutsi zimadya, koma ine sindikufuna kudyetsa nkhuku mphutsi zokulira mu zitosi za nkhuku zomwezo, matenda angamazungulire pakhomo.

Kutentha nako kuli ndi zake. Beseni ikadzaza kwambiri mkati mumapitirira 40, mphutsi zimathawira m'makona nkuunjikana, zina kufa. Ndachepetsa, chakudya chisapitirire kutalika kwa chala, mabeseni pamthunzi, pulasitiki ya pa khola ndachotsa, masana ndimawaza timadzi pa neti.

Ndayambanso kuumitsa. Ndimaziviika m'madzi owira kwa mphindi ziwiri, zimafa nthawi yomweyo komanso zimayera, kenako pa thandala la ukonde ngati mmene amayanikira usipa kunyanja, ndi dzuwa la pano masiku awiri zauma. Makilo atatu aziwisi amatulutsa pafupifupi kilo imodzi youma. Zikauma bwino zimathyoka ukazipinda ndipo fungo lake ndi ngati mtedza wokazinga, zikakhala zofewa usaike m'thumba zichita nkhungu chifukwa cha mafuta.

Chomwe sindinayembekezere nchoti ndalama yoyamba yabwera kuchokera ku manyowa osati mphutsi. Zotsala mu sefa zija, zakuda zoyoyoka ngati masamba a tiyi, ndimangounjika pakona. Bambo ena a dimba kumtsinje wa Lunzu anapempha thumba limodzi, anathira pa nazale mwachindunji mbande zinapsa, anabwera kudzandiuza mosakwiya. Tinagwirizana kuti tiziwasiya kaye pamulu masabata atatu tikutembenuza kuti azizire. Ulendo wachiwiri anathira pa repu ndi mpiru, patatha masabata atatu anandiitana kuti dzaoneni, mabedi awiri oyandikana, lothira manyowa a mphutsi masamba ake obiriwira bii otambalala kuposa chikhatho. Ndi mmene fetereza wadulira, pano akutenga matumba awiri pa mwezi ndipo abweretsa anzawo atatu.

24 Novembala

Mmene zilili lero. Mabeseni 34, makhola a neti awiri, kukolola makilo 45 mpaka 50 aziwisi pa sabata. Nkhuku zakwana 90 ndi anapiye omwe, zikudya makilo 3 pa tsiku, ndimazipatsa masana zitadya kale madeya osakaniza, chifukwa ukayamba ndi mphutsi zimakana china chilichonse komanso mafuta ake ndi ambiri, nkhuku yonenepetsa imachepetsa kuikira. Usipa ndinasiya kugula mu Sepitembala, soya ndikugula theka la mmene ndinkagulira. Zigoba za mazira zalimba, mphutsizi zili ndi kashiamu wambiri, komabe laimu sindinachotse. Anapiye ndimawapatsa timphutsi ta masiku 8, tating'ono toti angameze.

Zotsalazo ndikuumitsa ndikugulitsa m'timapaketi ta theka la kilo kwa anthu asanu oweta nkhuku ndi zinziri, onse anandipeza pa gulu la WhatsApp. Sabata yatha anandiimbira bambo ena a madamu a nsomba ku Chingale ku Zomba, ali ndi makumba ndi milamba, akufuna makilo 50 ouma mwezi uliwonse. Mtima unadumpha koma ndinawauza zoona, makilo 50 ouma ndi makilo 150 aziwisi pamwamba pa zomwe nkhuku zanga ndi makasitomala enawa akudya, pano ndi nyengo ya mango ndikhoza kuyandikira, mango owola ali mbwee paliponse ana akungonditolera mu wilibala, koma nanga Juni? Ndawauza kuti ndiyambe ndi makilo 15 mpaka nditadutsa nyengo yozizira ina ndili ndi mazira osadukiza, ndipo iwo anati bola mwanena poyera achimwene, tiyeni tiyambe ndi omwewo. Kuika m'mashopu ndi lebulo nkhani yake ndi ina, pamafunika kudutsa ku Malawi Bureau of Standards komanso kuyezetsa sampulo ku labu kuti puloteni yomwe ndikulemba pa paketi ikhale ya mphutsi zanga zenizeni osati yowerenga pa intaneti, zimenezo ndaziika chaka cha mawa.

Ndalama ya manyowa ndi ya mapaketi ndakhala ndikusunga payokha, yakwana kugula njerwa 1,500 ndi malata anayi oonekera. Ndikumanga kachipinda ka ntchentche ka mamita atatu mbali zonse, khoma lakumpoto lalifupi kuti dzuwa la Juni lizilowa, pansi pa simenti ndi kangalande ka madzi kozungulira chifukwa cha linthumbwi. Amisiri akuti maziko akumba Lachiwiri mvula ikapanda kusokoneza. Mvulayo yandipatsanso ntchito ina, kuyanika panja sikuthekanso tsiku lonse, dzana thandala lonse linanyowa ndili kumsika, nde mawa ndikuyesa kuumitsa mu mgolo wodulidwa pakati, pa moto wa zisononkho, ndiyamba ndi makilo awiri kuti ndione ngati sizipserera.